Mbalame za ku Malindi Mvula Ikamayamba

Munthu wofuna kuona mbalame zambiri m'dziko lathu lino asankhe masiku aja mvula yoyamba itangogwa kumene, kumapeto kwa mwezi wa Novembala kapena kuchiyambi kwa Disembala. Pa nyengo imeneyi lupsa lazima, msipu waphuka, ngumbi zikutuluka m'zulu, ndipo mbalame zimene zidakhala duu chilimwe chonse zimayamba kuimba ndi kumanga zisa. Ndi nyengo yomweyinso pamene timalandira mbalame zachilendo, zina zochokera ku maiko ena a muno mu Afrika, zina zochokera kutsidya kwa nyanja zamchere. Akatswiri amene adalemba buku lotchedwa The Birds of Malawi m'chaka cha 2006 adaŵerenga mitundu ya mbalame pafupi-fupi 650 m'Malaŵi muno. Koma tafunsani mwana wa sukulu lero kuti atchule maina a mbalame makumi aŵiri, mudzaona akukanda m'mutu asanafike ndi pa khumi pomwe. Ichi ndicho chidatichititsa ife, makolo pamodzi ndi anyamata ndi asungwana athu, kupangana za ulendo wa ku Malindi.

Malindi ali m'boma la Mangochi, kugombe la kum'maŵa kwa nyanja ya Malaŵi, kufupi ndi kumene nyanjayo imathera nisanduka mtsinje wa Shire. Mukaoloka mlatho wa Shire pa tauni ya Mangochi mumakhotera kumanzere kutsata mseu wa ku Makanjira, ndipo mukayenda makilomita ngati 20 ndiye kuti mwafika. Eni dera ndi Ayao, ndipo ambiri a iwo moyo wao uli pa nyanja. Malowa amadziŵika ndi mishoni yakale ya Anglican, chipatala cha St Martin's ndi sukulu ya asungwana ya St Michael's. Kale-kalelo kuno ndiko ankakonzera sitima za mishoni, monga Chauncy Maples imene idaloŵa m'madzi m'chaka cha 1901. Koma ife sitidadzere za sitima. Chidatikoka ndi kupapatiza kwa chigwa chake, pakuti kumadzulo kuli nyanja ndipo kum'maŵa kwaima mapiri a nkhalango ya Namizimu, kotero kuti munthu akhoza kuyenda tsiku limodzi kuchokera pamchenga, kupyola m'bango, m'minda ndi m'migwalangwa, kufikira m'tsinde mwa phiri, ndipo paliponse mbalame zake n'zina.

Tidanyamuka kusanayere kweni-kweni, chifukwa dzuŵa la ku Mangochi silichita nthabwala. Ikangokwana 9 koloko mbalame zimabisala m'mithunzi, ndipo munthu wanzeru amachita chimodzi-modzi. Katundu wathu adali wochepa: magalasi oonera kutali aŵiri okha olandizana, buku limodzi la zithunzi za mbalame, makope, mapensulo ndi zigubu za madzi. Wotitsogolera adali mkulu wina wa komweko, msodzi amene adasiya kupalasa bwato chifukwa cha msana. Atatilonjera m'Chiyao ndi kuseka m'mene tidayankhira, adatipatsa lamulo limodzi lokha. "Ana anga," adatero, "mbalame amayamba kuiona ndi makutu. Mukamacheza ngati muli pa chigayo, mudzabwerako mutaona akhwangwala okha-okha."

Ndipo zidali zoona. Titangotseka pakamwa, mudzi umene tinkauyesa uli m'tulo udapezeka kuti uli ndi phokoso lodzaza. Pumbwa ndiye adayamba, monga mwa khalidwe lake, ali pamwamba pa mtengo wa mango; njiŵa zidamlandira; ndipo chapatali m'tchire lonyoŵa nkuta inkalira monga madzi akutsanulidwa m'botolo, kulira kumene alimi amati kuitana mvula. Pa waya wa magetsi padakhala nthengu yakuda bii, mchira wa mphanda. Kambalame kameneka n'kolimba mtima kopambana msinkhu wake: tidakaona ndi maso athu kakupirikitsa kabaŵi amene ankazungulira pamwamba pa anapiye a eni, kakumjompha pamsana kufikira adathaŵa. Akulu adati "ichi n'chiyani" n'kulinga muli aŵiri, ndipo pa ulendo wotere mwambiwu umakwanira ndithu, pakuti wina amaona mlomo, wina miyendo, wina mtundu wa pachifuwa, ndipo dzina limatuluka pophatikiza maso a anthu onse.

Tisanafike kunyanja tidadutsa pakati pa migwalangwa, mitengo imene yamera yambiri m'chigwa cha Mangochi. Pamwamba pake pankazungulira timbalame totuŵa, tooneka ngati uta ndi muvi wake. Ana onse adafuula kuti anamzeze, naiŵala lamulo lija. Koma mphunzitsi wina amene tidali naye adatsegula buku natisonyeza kuti tija si anamzeze ai, ngakhale maonekedwe akunga omwewo. Timeneti timiyendo take n'tatifupi kwambiri, kotero kuti sitingathe kutera pa waya kapena pansi. Timadya ndi kumwa tili m'malere. Chisa chake ndicho chodabwitsa. Kambalameka kamatola nthenga zouluka ndi mphepo, kamazimata ndi malovu ake kunsi kwa tsamba lolendeŵera la mgwalangwa, kenaka kamamatanso mazira ake aŵiri pa nthengazo ndi malovu omwewo kuti angagwe mphepo ikamagwedeza tsamba. Pofungatira kamachita kukangamira chiriri. Mai wina mwa ife, amene wakhala akuluka mikeka zaka zambiri, adapukusa mutu nati sadaganizepo kuti m'masamba otere mungakhale nyumba ya wina.

Dzuŵa lidatulukira kuseri kwa Namizimu ife titaima pamchenga, ndipo pomwepo tidamva liu limene aliyense wobadwira kunyanja amalidziŵa ngakhale ali m'tulo. Nkhwazi ziŵiri zidali pa mtengo waukulu wa msangu, mitu yoyera mbee, mapiko akuda, pamimba pofiirira. Nkhwazi polira imaponya mutu kumbuyo mpaka kukhudza msana, ndipo yaimuna ndi yaikazi zimalandizana mau monga anthu aŵiri oimba nyimbo imodzi. Yaikulu thupi ndiyo yaikazi. Apa anyamata athu adatsutsa kwabasi, koma buku lidaŵagonjetsa. Pa nthambi ya m'munsi padali mbalame ina yofanana nazo msinkhu koma yamaŵanga-maŵanga, yosaoneka bwino konse, imene ena adaiyesa mtundu wina. Ameneyo adali mwana wao wa chaka chomwecho. Nkhwazi zimaswa m'nyengo yachisanu, mwera ukamaomba, ndipo mwana amatha zaka zinai kapena zisanu asanavale mutu woyera wa makolo ake. Tidadikira nthaŵi ndithu, ndipo kudikirako kudapindula: ina idatsika mopendekeka, idatambasula zikhadabo, nikhudza madzi kamodzi kokha, ndipo pokwera idali itanyamula nsomba ikuphiriphitha. Iyi ndiyo mbalame imene ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu kuyambira chaka cha 1964, ndipo abale athu a ku Zambia adaiika pa mbendera yao.

Mkulu uja sadaombe nao m'manja. Adaloza gombe ndi ndodo yake kuchokera kumwera mpaka kumpoto, natiuza kuti pa unyamata wake munthu sankatha kupalasa bwato mtunda waufupi osapeza banja lina la nkhwazi, pakuti gombe lonse lidali ndi mikuyu ndi misangu. Mitengoyo ina idasanduka mabwato, ina idapsa poŵamba nsomba, ina pootcha njerwa. Tsono nkhwazi simanga chisa pa chitsamba. Imafuna mtengo wautali wolimba, ndipo chisa chimodzi imachigwiritsa ntchito chaka ndi chaka, kumangoonjezera nkhuni pamwamba. Wodula mtengo wotere amaganiza kuti wadula mtengo chabe, chikhalirecho wapasula mudzi. Msangu umene tidaonawo udapulumuka chifukwa uli m'malire a manda, kumene nkhwangwa siloŵa.

Chapatali pa madzi padadutsa mzere wautali wa mphipi, zikuuluka motsika ngati zikhudza mafunde. Kumpoto chakumadzulo kuli chilumba cha Boadzulu, chimene chakhala chodziŵika kuyambira kale monga malo oswanirana mphipi, ndipo miyala yake idayera ndi zitosi zao. Chilumbachi ndi mbali ya Lake Malawi National Park, malo otetezedwa amene adakhazikitsidwa m'chaka cha 1980, ndipo bungwe la UNESCO lidaŵaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 1984. Asodzi ena amene tidaŵapeza akusoka maukonde alibe nazo chikondi mphipi; amati ndizo zikutha nsomba. Ife sitidafune kukangana ndi eni nyanja pa khomo pao, koma mlandu umenewu utivuta kuuvomera. Mphipi zidalipo, mwinanso zochuluka kopambana lero, masiku aja chambo chinkadzaza mabwato. Chimene chidafika pambuyo ndi makoka a maso ang'ono-ang'ono, ndi masikito oteteza udzudzu amene ena aŵasandutsa maukonde, okokolola ndi ana a nsomba omwe. Ku nyanja ya Malombe, kumunsi kwa tauni ya Mangochi, chambo chidatha mochititsa mantha kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, ndipo palibe katswiri amene adaloza chala mphipi.

Kuchoka pamenepo tidatsata khwaŵa lina loloŵa m'nyanja, ndipo tidamva atchete tisanaŵaone. Mtengo wa minga woŵeramira pamadzi udali utabala zisa ngati zipatso, ndipo phokoso lake lidali la msika wa Loŵeruka. Pano tidakhalitsa, chifukwa asungwana adakana kuchoka. Womanga chisa ndi tchete wamphongo, amene pa nyengo ino amavala chikasu choŵala ndi nkhope yakuda. Amang'amba tsamba la bango kapena la udzu kutalika kwake, amayamba ndi kumanga mphete pa nsonga ya nthambi, ndipo pa mpheteyo amalukapo chipinda, khomo loyang'ana pansi kuti njoka ivutike poloŵa. Zida zake ndi mlomo ndi mapazi basi, koma mfundo zake simungazimasule ndi zala. Akamaliza amalendeŵera kunsi kwa chisacho chadodolido, akukupiza mapiko ndi kulira, kuitana wamkazi kuti adzaone. Wamkazi amaloŵa, amayendera, amakoka udzu apa ndi apo. Chikapanda kumkomera amangouluka osatsazika, ndipo chisa chikayamba kuuma mwini wake amachiphwasula yekha ndi kuyambanso china. Amai amene tidali nao adaseka mpaka misozi, nati mwambo umenewu ukadakhala wa anthu, mabanja ambiri sakadagona m'nyumba zodontha.

Pafupi ndi mtengowo padabisala kambalame kena kobiriŵira monyezimira, pamimba poyera, diso lofiira, ndipo atchete akakaona ankakathamangitsa mwaukali. Ali ndi chifukwa. Kameneka kamabwera ndi mvula, sikamanga chisa, koma kamazembera chisa cha tchete mwini atachoka ndi kuikiramo dzira lake. Tsono tchete amalera mwana wa mlendo, ake omwe ataponyedwa kunja.

Pa mphanda ya mkuyu wina, kumtunda kwa khwaŵa lomwelo, padali mulu wa zinyalala waukulu ngati nkhokwe yaing'ono. Chimenecho ndicho chisa cha nantchengwa, ndipo mwini wake adali m'madzi osaya akusaka achule, mutu wake ngati nyundo. Chisachi chili ndi denga ndi khomo lozira ndi matope, ndipo n'cholimba kotero kuti munthu wamkulu akhoza kuimapo osachiboola. Nthaŵi zina kadzidzi amalanda nyumbayo mwini atangoimaliza. Ana ena adaopa kuyandikira chifukwa cha zimene adamva kwa agogo ao, kuti nantchengwa ndi mbalame ya malodza. Ife sitikhulupirira kuti mbalame yodya achule ingadziŵe tsiku la imfa ya munthu. Komabe tidaona kuti mantha ameneŵa ndiwo amsunga nantchengwa, pakuti palibe mnyamata amene amamloza ndi legeni.

Za legeni tidakumana nazo posachedwa. Tikutuluka m'minda ya chimanga chongomera kumene, tidapeza anyamata atatu a msinkhu wa Sitandade 4, malegeni m'khosi, timitengo ta ulimbo m'manja, ndipo wamkulu wao adanyamula chingwe chimene adatungapo mpheta zingapo ndi atchete aŵiri achikasu. Adatilonjera mwaulemu napitirira. Koma atapita, mkangano udabuka pakati pathu umene udatifikitsa mpaka pa mthunzi wa mango pamene tidapumulira masana. Asungwana, amene adali atangochoka pa mtengo wa zisa uja, adakwiya nafuna kuti tikadaŵalanda malegeniwo. Bambo wina adaŵayankha kuti iwo akuyankhula chifukwa kwao ndiwo sizisoŵa. Ndani mwa abambo ali pano, adafunsa, amene sadakule akuotcha mpheta kudambo? Ndipo mpunga ukamacha, si atchete omweŵa amene amagonetsa mlimi m'munda?

Mau a bamboŵa ali ndi choonadi chake, ndipo sitingaŵataye. Mwana amene kwao adya nsima ndi mchere sitingamlalikire za kukongola kwa nthenga. Koma mkulu wotitsogolera uja, amene adakhala chete nthaŵi yonseyi akusenda bango, adanena chinthu chimene chidatikhalira mumtima. Adati kunyanja kuno boma limatseka makoka miyezi ya Novembala ndi Disembala kuti chambo chiswane, ndipo ngakhale asodzi amadandaula, aliyense amadziŵa chifukwa chake. "Nanga mbalame," adafunsa, "nyengo yake yotseka ndi iti? Mukapha make mwezi uno, mwapha ndi ana ali m'chisa, amene simudzaŵadya n'komwe. Ife atate athu ankatikwapula tikabwera ndi mbalame ya pa mazira." Apa ndi pamene ife tiima. Nkhani si yakuti mwana asalaŵe mpheta moyo wake wonse, koma kuti adziŵe mwezi woika legeni pa tsindwi. Ndipo zimenezi sangaziphunzire kwa wapolisi kapena kwa mlonda wa nkhalango, koma kwa atate ake ndi amalume ake.

Za m'tsinde mwa phiri sitinena zambiri. Tidafikako dzuŵa litapendeka, tili otopa, ndipo tidamva nkhwali ndi gogomole koposa kuziona. Tidakumananso ndi njinga zotsika ndi matumba a makala, imodzi pambuyo pa inzake, ndipo zitsa zimene tidapeza m'njira zidatiuza kumene makalawo achokera.

Mkulu uja adatifulumiza kubwerera, nati chachikulu sitinachione. Adatiimika m'mbali mwa dambo la bango dzuŵa likuloŵa kutsidya kwa nyanja. Poyamba kudabwera anamzeze oŵerengeka, akuuluka motsika kuŵakha tizilombo pamwamba pa madzi. Kenaka adachuluka, nachulukirabe, kuchokera kuminda, kuphiri ndi kunyanja, kufikira thambo lonse lidachita ngati wina wamwaza mapira. Adazungulira pamwamba pa bango akulira timau tao tating'ono, ndipo mdima utayamba kugwira adagwera m'bangomo magulu-magulu monga mvula ya matalala. Posakhalitsa kudangoti zii.

Aŵa tsono ndiwo anamzeze eni-eni a ulendo wautali: msana wakuda mobiriŵira, pakhosi pofiira, pamimba poyera. Kuno samanga zisa. Amaswa ku Ulaya ndi kumadzulo kwa Asia, m'makola a ng'ombe ndi m'makonde a nyumba za anthu, ndipo chisanu cha kumeneko chikayandikira, tizilombo touluka titayamba kusoŵa, amanyamuka kudza kuno. Kwa zaka mazana ambiri anthu a ku Ulaya sankadziŵa kumene mbalamezi zimapita, ndipo ngakhale ophunzira ena ankakhulupirira kuti zimagona m'matope pansi pa maiŵe kufikira chisanu chitatha. Yankho lidabwera ndi kamphete. M'chaka cha 1911 munthu wina dzina lake J. R. B. Masefield adaveka namzeze kamphete ka nambala kumwendo m'dera la Staffordshire ku England, ndipo mu Disembala 1912 namzeze yemweyo adapezeka ku Natal, ku South Africa, mtunda wa makilomita oposa 9,000. Kambalame kochita ulendo umenewu kamalemera magalamu ngati 20, monga masupuni aang'ono anai a shuga, ndipo pa njira kamaoloka nyanja ya Mediterranean ndi chipululu cha Sahara, kupita ndi kubwerera, chaka ndi chaka. Inu anyamata, mukadzapeza mbalame yakufa ili ndi kamphete kotere, musadzakataye kapena kukavala ku chala. Lembani nambala yake, tsiku ndi malo, ndipo mukadziŵitse a bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene lakhala likusamala za chilengedwe kuyambira chaka cha 1947.

Chimene alendoŵa amafuna kwa ife ndi pogona basi, ndipo pogona pao ndi bango loima m'madzi, m'mene mphaka ndi njoka sizifika msanga. Bango lomwelo ndilo amai amalukira mphasa, abambo amamangira mipanda, ndipo ena amalitentha kuti atsegule dimba. Mkulu uja adatiuza kuti dambo limene tidaimapolo lidali lalikulu kaŵiri kuposa lero, ndi kuti lina la kumpoto kwake, kumene anamzeze ankagonanso, tsopano ndi munda wa mpunga. Pamene tinkabwerera kumudzi ndi nyali za m'manja, msungwana wina adafunsa kuti alendowo adzakhala nafe mpaka liti. Mphunzitsi adayankha kuti miyezi ino akuthothola nthenga zakale ndi kumera zatsopano, n'chifukwa chake michira yao ikuoneka yaifupi. Pofika Malichi kapena Epulo, chimanga chikamacha, michira idzakhala itatalika, matupi atanenepa, ndipo adzayamba ulendo wa kumpoto.